Mandasi a ku France: Kadzutsa Wosadikira Munthu

Kachidutswa ka mtanda kakagwera m'mafuta otentha bwino kamamira kaye. Kamakhala pansi pa poto kwa kanthawi, thovu likutumphuka m'mbali mwake, kenaka kamayandama n'kutupa ngati kapilo. Kakatembenuzidwa, msana wake umakhala utafiirira ngati mtedza wokazinga. Kuchokera pamene kagwera m'mafuta mpaka pamene kavuulidwa sipatha mphindi zitatu, ndipo kuchokera pamenepo mpaka kukoma kwake kutayamba kuthawa sipatha theka la ola. Komatu kuti kafike apa, wina anadzuka kusanache, kapena anakanda ufa dzulo lake madzulo, n'kuudikira kwa maola.

Imeneyi ndiyo beignet, imene eni ake a ku France amaitchula ngati "benye". Wachinyamata amene akufuna kudziwa chakudya chimodzi choti azikonzera banja lake Loweruka kapena Lamlungu m'mawa angachite bwino kuyambira pamenepa. Phala la mgaiwa ndi mbatata yophika n'zimene zimalera ana, ndipo palibe angazichotse pamalo pake. Koma beignet imaphunzitsa zinthu ziwiri zimene ana ambiri akukula osazidziwa: kudikira chinthu mpaka nthawi yake itakwana, ndi kusonkhanitsa anthu a m'nyumba imodzi chakudya chisanazizire.

Ku France, dzina limeneli limaphatikiza zokazinga zamitundumitundu: mtanda wokhawokha, mtanda wothira jamu m'kati, ngakhalenso zidutswa za maapozi zoviika mu ufa wamadzimadzi. Nyengo yake yeniyeni ndi ya chikondwerero cha Mardi Gras, kutanthauza Lachiwiri lonona. Tsikuli limagwa pakati pa 3 Febuluwale ndi 9 Malichi, kutengera tsiku la Pasaka, ndipo m'mawa mwake ndi Lachitatu la Phulusa, chiyambi cha Lenti. Kale malamulo a kusala kudya anali okhwima. Kwa masiku 40 Akhristu ankapewa nyama ndi mafuta a nyama, ndipo m'madera ambiri ankapewa ngakhale mazira. Tsono mayi wa pakhomo akayang'ana m'khitchini n'kuona mazira, batala ndi mafuta zimene sizikanafika Pasaka, sankazitaya. Ankazikandira mu ufa, n'kukazinga, banja lonse n'kudya mokondwa lisanalowe m'masiku odziletsa.

Chigawo chilichonse chinapatsa zokazingazo dzina lake ndi maonekedwe ake. Ku Lyon amati bugnes, ndipo amazipanga zopyapyala ndi zouma moti zimalira m'kamwa. Ku Saint-Étienne, mzinda woyandikana nawo, bugnes zake n'zonenepa ndi zofewa. Ku Bordeaux amati merveilles, kutanthauza zodabwitsa. Ku Provence ndi ku Languedoc amati oreillettes, timakutu. Ku Nantes amati bottereaux. Mayinawa asamusokoneze wophunzira, pakuti onse akuloza kwa mayi yemwe uja, amene anakana kuwononga chakudya n'kusandutsa zotsala kukhala phwando.

Beignet ya ngodya zinayi, yoyera mbuu ndi shuga, inatchukira kutsidya lina la nyanja ya Atlantic. Anthu a ku France anakhazikitsa mzinda wa New Orleans mu 1718 m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi. Mu 1803 Napoleon, mtsogoleri wa France, anagulitsa dera la Louisiana, momwe munali mzindawo, ku dziko la America. Mbendera inasintha, koma miphika inapitiriza kuphika monga kale. Mu 1862 malo omwera khofi otchedwa Café du Monde anatsegulidwa pamsika wa French Market, ndipo mpaka lero amapereka ma beignet atatuatatu pambale, pamodzi ndi khofi wamkaka wosakaniza ndi mizu yokazinga ya chicory. Mu 1986 boma la Louisiana linavomereza beignet kukhala chimodzi mwa zizindikiro zake. Namondwe wa Katrina atasakaza mzindawo mu Ogasiti 2005 malowa anatsekedwa, koma pofika Okutobala chaka chomwecho mafuta anali atatenthanso, ndipo ambiri anaona kutsegulidwako ngati umboni wakuti mzinda wawo ukudzuka.

M'maiko a mu Africa momwe amayankhula Chifalansa, beignet ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku. Ku Cameroon amadyera nyemba ndi phala. Ku Kinshasa timipira tokazinga totere amatitchula mikate m'Chilingala. Choncho mwana wa ku Lilongwe amene anakulira mandasi a pageti la sukulu, kapena wa ku Chipata wozolowera vitumbuwa, alibe chifukwa chochitira nayo chilendo. Zonsezi n'zapachibale. Kusiyana kwake n'kwakuti mandasi a pamsika amakonzedwa kuti akhale tsiku lonse m'ndowa, akhutitse munthu wa paulendo, pamene beignet imalandira mazira, mkaka ndi batala wochulukirapo, shuga wa m'kati mwake ndi wochepa, imafutukulidwa mopyapyala kuti m'mimba mwake mukhale mphako, ndipo siyenda ulendo. Imadyedwa pomwe yakazingidwira.

Langizo loyamba lichokere pa chibale chimenechi. Pafupi ndi nyumba iliyonse pali mayi amene wakazinga mandasi kwa zaka zambiri, amene amadziwa kutentha kwa mafuta pongowayang'ana ndi kumva kulira kwake. Wophunzira apite kwa mayi ameneyo, apereke moni mwaulemu, agule, aime chapatali pang'ono, aone mmene dzanja limatsitsira mtanda, ndipo afunse. Safunsa anadya phula. Mwana amene wayamba kunyoza mandasi chifukwa waphunzira dzina la Chifalansa wataya mphunzitsi wake woyamba.

Akabwerera kunyumba, ayeze. Banja la anthu asanu ndi mmodzi limafuna fulawa wa tirigu magalamu 500, ndiye kuti theka la paketi ya kilogalamu imodzi, yisiti wouma magalamu 7, omwe ndi timasupuni ta tiyi tiwiri ndi pang'ono, shuga magalamu 60, masupuni aakulu asanu, kasupuni kamodzi ka mchere, mazira awiri, batala kapena majarini magalamu 60, ndi mkaka wofunda mamililita 200. Khungu la ndimu lopala pang'ono limapereka fungo limene Afalansa amalikonda m'zokazinga zawo. Mafuta okazingira akhale lita imodzi. Muyeso umenewu umatulutsa ma beignet okwana ngati 30.

Agogo amatapa ufa ndi dzanja osayeza, zinthu n'kuyenda bwino, ndipo mwana akaona amaganiza kuti nayenso angathe. Amaiwala kuti dzanja limenelo linalakwitsa kambirimbiri iye asanabadwe. Kufikira dzanja lake litakhwima, kapu ndi supuni ndizo zimuyang'anire.

Pa zonse zili pathebulo, yisiti yekha ndiye wamoyo. Amaoneka ngati mchenga, koma ndi tizamoyo ting'onoting'ono ta mtundu wa bowa tomwe tili mtulo. Louis Pasteur, katswiri wa sayansi wa ku France, anayamba mu 1857 kufalitsa zofufuza zake zosonyeza kuti kusasa kwa mkaka ndi kuwira kwa mowa ndi ntchito ya tizamoyo. Amayi ofulula thobwa ankaiona ntchito imeneyi kalekale, thobwa logonera likamachita thovu n'kusintha kukoma. Mu mtanda, yisiti amadya shuga n'kutulutsa mpweya wa carbon dioxide, ndipo mpweyawo ndiwo umafufumitsa ufa. Popeza ndi wamoyo, amafa. Mkaka ukhale wofunda ngati thupi la munthu, madigiri 37 kapena kuposerapo pang'ono, woti chala chikhalemo osathawa. Ukayandikira madigiri 60 yisiti watha, ndipo mtanda udzangokhala phee ngati dothi mpaka dzuwa kulowa. Wanzeru amasungunula yisiti m'mkaka wofundawo ndi kashuga pang'ono, n'kudikira mphindi 10. Thovu likabwera, yisiti ali moyo. Likapanda kubwera, ndi bwino kukagula wina mazira asanasweke.

Ufa usefedwe m'beseni loyera pamodzi ndi mchere ndi shuga. Pakati pakumbidwe dzenje, mulowe mazira ndi mkaka wa yisiti uja, zisakanizidwe mpaka ufa wouma utatha, kenaka batala wofewa alowe pang'onopang'ono. Apa ndiye poyambira kukanda, mphindi 10 zathunthu, kukankha ndi chikhatho, kupinda, kutembenuza, kukankhanso. Mu tirigu muli mapuloteni amene akanyowa n'kukandidwa amalukana kukhala ulimbo wotamuka wotchedwa gluten, womwe umagwira mpweya wa yisiti kuti usathawe. Chimanga chilibe ulimbo umenewu, n'chifukwa chake ufa woyera sungafufume ngati buledi.

Mayesero amabwera pa mphindi yachitatu. Mtanda umamata m'manja, umamata m'beseni, ndipo dzanja limathamangira ku paketi ya fulawa. Wogonja pamenepa amawonjezera ufa kamodzi, kawiri, katatu, n'kudzadya zolimba ngati njerwa. Adzoze timafuta m'manja n'kupitiriza. Pofika mphindi ya chisanu ndi chitatu mtanda umayamba kumvera, umasalala, umasiya zala. Akadula kachidutswa n'kukatambasula mosamala mpaka kuwala kuonekera osang'ambika, ntchito ya manja yatha.

Yotsala ndi ntchito ya mtima. Beseni livundikiridwe ndi nsalu yonyowa pang'ono, liikidwe pamalo opanda mphepo, mtanda ufufume mpaka kukula kwake kutawirikiza. Wotchi pano siithandiza kwenikweni. Ku Chikwawa mu Okutobala ola limodzi lingakwane, pamene ku Dedza mu Juni angapite maola awiri kapena atatu. Chala chopaka ufa chikabaya mtanda, dzenje n'kubwerera pang'onopang'ono osatsekeka lonse, ndiye kuti wakonzeka. Achinyamata ambiri amalephera pompa. Wina amavundukula nsalu mphindi zisanu zilizonse. Wina amaika beseni pafupi ndi moto kuti zifulumire, yisiti wa pansi n'kupsa. Wina amangoti basi n'chimodzimodzi, n'kukazinga mtanda wosafufuma. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo beseni lovundikira ndi nkhono yabwino yophunzirirapo, chifukwa palibe ndalama, mkwiyo kapena kuchenjera kumene kungalifulumizitse.

Amene ali ndi firiji ali ndi mwayi wina. Akakanda madzulo n'kuvundikira bwino, mtanda ugone m'firiji usiku wonse. Kuzizira sikupha yisiti, kumangomuchedwetsa, ndipo ntchito yochedwayo imabala fungo ndi kukoma kumene mtanda wa ola limodzi sungakhale nako. M'mawa umakhalanso wosavuta kufutukula. Amati mawu a akulu akoma akagonera, ndipo mtanda uli chimodzimodzi. Koma kumene kulibe firiji, kapena kumene magetsi sadalirika, mtanda wa mazira ndi mkaka usagone panja m'nyengo yotentha. Kumeneko wophika ayeze zonse madzulo, atsuke poto, akonze makala, agone msanga, adzuke 5 koloko. Njira zonse ziwiri zikunena chinthu chimodzi: kadzutsa wa banja amayamba dzulo. Mnyamata amene anagona 1 koloko usiku maso ali pa foni sangamukwanitse, ngakhale akhale ndi fulawa wabwino chotani.

Mtanda wofufuma utsitsidwe pathebulo lowaza ufa pang'ono. Botolo loyera limagwira ntchito yofutukulira popanda vuto. Kuchindikala kwake kukhale theka la sentimita, ndipo mpeni wakuthwa udule tizidutswa ta ngodya zinayi, masentimita 6 mbali iliyonse, mosindikiza kamodzi, osacheka ngati sowo. Zotsalira za m'mphepete zikazingidwe mmene zilili, chifukwa zikakandidwanso zimalimba. Tizidutswato tipume pansi pa nsalu mphindi 15 pamene mafuta akutentha.

Mafuta ndiwo amaweruza ntchito yonse. Poto akhale wakuya, wolemera pansi, wouma kotheratu, ndipo mafuta asapitirire theka lake. Kutentha koyenera ndi madigiri 180. Wopanda choyezera aponyemo kambewu ka mtanda: kakamira n'kukwera msanga ndi thovu lambiri, n'kufiirira pakatha ngati mphindi imodzi, mafuta ali bwino. Kakakhala pansi mwakachetechete, mafuta sanafike. Kakada nthawi yomweyo, apyola.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Madzi a mu mtanda akakumana ndi kutentha kotere amasanduka nthunzi, ndipo nthunzi imatenga malo oposa a madziwo nthawi zopitirira 1,600. Imakankha mtanda kuchokera m'kati n'kupanga mphako ija, ndipo potuluka imatsekereza mafuta kuti asalowe. Mafuta akakhala ozizira nthunzi imafooka, mtanda umamwa mafuta ngati thonje, wodya n'kumva nseru. Akatentha kwambiri kunja kumapserera m'kati muli mwauwisi. Kufiirira kokoma kuja nako kuli ndi dzina la Mfalansa: Louis-Camille Maillard ndiye anafotokoza mu 1912 mmene shuga ndi tizigawo ta mapuloteni zimagwirizanira pa moto n'kubala mtundu ndi fungo.

Wokazinga pa mbaula adikire makala ayake onse, afiire, malawi athe. Mbaula ilibe batani lochepetsera moto, choncho mafuta akapyola, aphule poto mosamala kwa kanthawi kapena achotseko makala. Mbaulayo ikhale panja kapena pamalo opita mphepo, pakuti makala oyakira m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha. Tizidutswa tilowe tinayi kapena tisanu pa nthawi imodzi. Kudzaza poto kumaziziritsa mafuta, ndipo amene amafuna kumaliza msanga ndi amene amawononga zonse. Tikangoyandama, supuni itape mafuta n'kuthira pamsana pake kuti titupe bwino. Mbali iliyonse ipse mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka. Gulu likavuulidwa, mafuta apatsidwe kanthawi kobwerera pa kutentha kwake.

Pa nkhani ya ngozi palibe kunyengerera. Mafuta a madigiri 180 amatentha kuposa madzi owira, ndipo amamatirira pakhungu. Mtanda utsitsidwe pafupi ndi mafuta, molozetsa kutali ndi thupi, osauponya. Ana aang'ono asayandikire, chogwirira cha poto chisaloze kunjira, chitenje chimangidwe bwino. Wokazinga asachoke pamoto ngakhale foni ilire kangati. Mafuta akayamba kufuka utsi, achotsedwe pamoto. Akagwira moto, madzi asayandikire n'komwe, chifukwa amaphulitsa mafuta oyaka n'kuwamwaza nyumba yonse. Chivundikiro chachitsulo chiikidwe pamwamba, gasi kapena magetsi azimitsidwe, poto asanyamulidwe. Munthu akapsa, malo opsawo akhale pa madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20. Mankhwala otsukira mano, dzira ndi mafuta odzola zisapakidwepo. Bala likakhala lalikulu, la kumaso, kapena la mwana, ulendo ndi wa kuchipatala.

Mafuta otsala akazizira asefedwe n'kusungidwa m'botolo lotseka. Angagwirenso ntchito kawiri kapena katatu, koma akada, akayamba kununkha kapena kuchita thovu losatha, nthawi yawo yakwana.

Zovuulidwa zikhale pa waya kapena pa pepala loyera kuti mafuta akhe. Nyuzipepala ili ndi inki, isakhudze chakudya. Pakatha mphindi imodzi, shuga wosalala ngati ufa awazidwe ndi sefa, mosaumira. Shuga wotere amagulitsidwa m'masitolo, koma nyumba imene ili ndi mtondo siyenera kudandaula. Shuga wamba akasinjidwa mu mtondo wouma ndi woyera n'kusefedwa amagwira ntchito yomweyo, ndipo imeneyi ndi ntchito yabwino yopatsa mng'ono amene akufunitsitsa kuthandiza koma sayenera kufika pamoto.

Afalansa ali ndi mtundu wina wosafuna yisiti, umene amautcha beignets soufflés, ndipo umathandiza tsiku limene nthawi yachepa. Madzi mamililita 250, batala magalamu 80 ndi kamchere ziwire pamodzi. Poto aphulidwe, fulawa magalamu 150 athiridwe nthawi imodzi, mthiko uvundule mwamphamvu, poto abwerere pamoto mpaka mtanda utasiya m'mbali n'kuundana. Aliyense wodziwa kuphika nsima ali kale ndi mkono wa ntchito imeneyi. Ukazizirako, mazira anayi alowe limodzilimodzi, lililonse lisakanizike lisanabwere linzake. Supuni itape timibulu tating'ono n'kutsitsira m'mafuta a madigiri 170. Timatupa ndi nthunzi yokha, ndipo tambiri timadzitembenuza tokha mbali imodzi ikapsa, zimene zimasangalatsa ana oonerera chapatali. Njira imeneyi iphunziridwe pambuyo pa yoyamba ija. Woyambira pa yachidule sabwereranso kukaphunzira kudikira.

Tsopano mtanda umene unadikiridwa kwa maola sudikiranso munthu. Beignet ikazizira imafota, shuga amanyowa, mphako imagwa. Ndiye kuti wophika ali ndi ntchito yachiwiri, imene ambiri saiwerengera: kuonetsetsa kuti anthu akhala pansi gulu loyamba lisanavuulidwe. Madzi a tiyi awire kale. Makapu atsukidwe, mphasa iyalidwe kapena thebulo likonzedwe, madzi osamba m'manja akhale pafupi. Wina atumidwe kukagogoda kuchipinda cha makolo, wina akathandize agogo kutuluka. M'nyumba zambiri za m'tauni aliyense amadya nthawi yake: bambo atuluka kusanache, mayi amwa tiyi choimirira, ana atenga buledi n'kukatsekera kuchipinda. Anthu ogona denga limodzi amatha sabata osayang'anana m'maso. Chakudya chosachedwa kuzizira chimapereka chifukwa chomveka choitanira onse nthawi imodzi, ndipo n'chovuta kukana mwana amene wadzuka 5 koloko n'kunena kuti, "Ababa, bwerani mudye zikadali zotentha."

Mbale yoyamba ipite kwa akuluakulu, ndi manja awiri. Mafoni atsale kuchipinda, ndipo shuga wa m'zala amathandiza lamulo limeneli. Wokazinga asinthane ndi mbale wake kuti nayenso akhale pansi, chifukwa si bwino kuti amene wavutikira adye zozizira ali yekha kukhitchini. Kambale kena kadutse mpanda kupita kwa anansi, amene fungo lawafika kale.

Malangizowa ndi a anyamata ndi atsikana mofanana. Mnyamata amene amati khitchini ndi ya alongo ake adzapita ku koleji, ku ntchito ya kutali kapena ku Johannesburg, komwe alongo akewo kulibe, ndipo adzazindikira mochedwa kuti anakana chuma. Tsiku lina mkazi wake adzadwala, kapena adzakhala ndi khanda, ana n'kumuyang'ana iye. Mtsikana nayenso aphunzire podziwa kuti luso ndi lake, lomwe angalisandutse ngakhale bizinesi, pakuti ana ambiri aphunzira sukulu ndi ndalama za mandasi.

Nzeru ya Mardi Gras isaiwalike: chinali chakudya cha nyengo yake. Fulawa woyera, mafuta ndi shuga tsiku ndi tsiku zimanenepetsa ndi kuitana matenda a shuga ndi a mtima. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira m'zakudya asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya, ndipo kwa wamkulu ameneyu ndi shuga wokwana ngati magalamu 50 patsiku, timasupuni 12. Ma beignet atatu kapena anayi pa munthu ndi okwanira, pambali pake pakhale nthochi, papaya kapena dzira lowiritsa. Ngati m'banjamo muli wodwala matenda a shuga, ake aikidwe padera osawaza kanthu, ndipo tiyi wake akhale wopanda shuga. Ndalama nazo zilemekezedwe. Lita ya mafuta, mazira ndi batala si zotola. Mwana asatenge mafuta a mwezi wonse mwakabisira. Apemphe, kapena asunge ndalama zake pang'onopang'ono, kamodzi pamwezi kapena pa tsiku lobadwa la wina. Chakudya chimene munthu wachiyembekezera milungu inayi chimakoma mosiyana ndi chimene chimangopezeka.

Ulendo woyamba sizidzayenda bwino zonse, ndipo cholakwa chilichonse chimadziulula chokha. Zolemera ndi zosatupa zikunena za yisiti wakufa kapena kusadikira. Zolimba zikunena za ufa wowonjezera. Zonyowa ndi mafuta zikunena za moto wochepa kapena poto wodzaza. Zakuda kunja zaziwisi m'kati zikunena za moto wambiri kapena mtanda wochindikala. Wophunzira akhale ndi kope, alembe tsiku, muyeso, nthawi imene mtanda unatenga ndi mmene zinatulukira, ndipo ulendo wotsatira asinthe chinthu chimodzi chokha. Makolo nawo asamale pakamwa. Mwana amene wasekedwa pa mbale yake yoyamba kawirikawiri saphikanso yachiwiri. Alawe, ayamike kudzuka kwakeko, kenaka anene chimene chaperewera.

Pofika ulendo wachitatu kapena wachinayi kope limayamba kutsekedwa. Loweruka lotero, 7 koloko isanakwane, nsalu imavundukulidwa mtanda utadzaza beseni. Kuseri kwa nyumba musi ukugunda shuga mu mtondo. Ketulo ikulira pambali, agogo akhala kale pamphasa atafunda chitenje chachiwiri, bambo akusamba m'manja. Mnyamata amaponya kambewu ka mtanda m'mafuta, amakaona kakukwera ndi thovu, amatsitsa tizidutswa tinayi, n'kuuza mlongo wake osachotsa maso pa poto: "Tenga sefa, ukawauze amayi kuti zoyamba zikutuluka."